Kuomba m'manja n'kosavuta: za buku la Clemantine Wamariya

Buku la The Girl Who Smiled Beads (2018), limene Clemantine Wamariya analemba pamodzi ndi Elizabeth Weil, liyambira pamene ambiri angafune kuti nkhani ithere. Mu 2006, pa pulogalamu ya Oprah Winfrey, Clemantine ndi mkulu wake Claire anakumana ndi makolo ao amene sanawaone kwa zaka 12. Oonerera analira ndi kuomba m'manja. Koma makamera atazima, banjali linasowa zokambirana. Anali atasanduka alendo.

Clemantine anathawa ku Rwanda mu 1994 ali ndi zaka 6, ndipo Claire anali ndi 15. M'masiku 100 cabe, anthu pafupifupi 800,000 anaphedwa, ndipo kuphana kuli mkati, bungwe la United Nations linagamula zocepetsa asilikali ake m'dzikolo kufika pa 270. Atsikanawa anadutsa maiko 7, kuphatikizapo Malawi, kumene anakhala mu msasa wa Dzaleka, ndi Zambia, kumene anakhala mu komboni ya mu Lusaka. Anafika ku Chicago mu 2000.

Mphamvu ya bukuli ili mwa Claire. Paliponse pamene afika, apeza cogulitsa, ndipo akana kukhala moyembekezera cakudya ca mabungwe. Koma wolemba satilola kungomutamanda. Atiuza mtengo wake wa kulimbako: Claire akwatiwa akali wamng'ono ndi wogwira nchito yothandiza othawa nkhondo, mwamuna amene pambuyo pake amucitira nkhanza, ndipo Clemantine alera mwana wa mkulu wake iye mwini akali mwana. Apa m'pamene bukuli litibaya. Kunena kuti othawa nkhondo ndi olimba mtima n'kosavuta, ndipo nthawi zina timanena zimenezi kuti tisadzifunse cifukwa cake anasiyidwa okha.

Zofooka zilipo. Mitu ya bukuli isinthana pakati pa Africa ndi America, ndipo ina ya ku America icedwetsa nkhani. Komanso Claire timumva kupyolera m'kamwa mwa mng'ono wake, kotero wowerenga atsala ndi njala yomva iye mwini.

Ife a mu Lusaka tisawerenge bukuli monga nkhani yakutali. Mu April 2016, mphekesera zitafala zakuti alendo ndiwo anali kupha anthu mwa zamatsenga, mashopu ambiri a anthu ocokera ku Rwanda anathyoledwa m'makomboni mwathu. Ena a iwo anali atathawa nkhondo yomweyo n'kuyambanso moyo ndi kashopu kogulitsa sopo ndi shuga. Ena anathyola, ndipo ambiri anangoonerera.

Werengani bukuli. Mukamaliza, ganizirani za mai amene amakugulitsani buledi m'mamawa, amene Cinyanja cake cimamveka cacilendo pang'ono. Kodi dzina lao mulidziwa?