Za Sarah Bernhardt ndi Mau Ace

Owerenga athu adziwa kuti nthano imodzi ikoma pakamwa pa nkhalamba yina, nizizira pakamwa pa inzace. Kalulu ndi yemweyo, Fisi ndi yemweyo; cosiyana ndi mau a wosimba. Kwa Azungu ziriko nyumba zazikuru kumene anthu alipira ndalama kuti akaone nthano iri kuseweredwa, wina nakhala mfumu, wina nakhala kapolo. Pa nchito imeneyi, m'masiku ace, panalibe mkazi womveka woposa Sarah Bernhardt wa ku France.

Anabadwira ku Paris m'caka ca 1844, naphunzira masewero pa sukulu ya Conservatoire, nayamba nchito m'nyumba ya Comédie-Française mu 1862. Poyamba sanakondweretse anthu. Mbiri yace inakula m'nyumba yina, ya Odéon, imene iye anaisandutsa cipatala ca asilikari olasidwa pa nkhondo ya 1870. Mu 1880 anasonkhanitsa gulu lace lace, naoloka nyanja kumka ku America. Ambiri a kumeneko sanamve Cifalansa, koma anadzaza nyumba, nagwetsa misozi pomuona ali kufa m'sewero la La Dame aux Camélias. Munthu akalira osamva tanthauzo la mau, tidziwa kuti comliza ndico kamvekedwe ka mauwo. M'menemo ndimo munali mphamvu yace.

Koma si onse anamtama. Mu 1895 mlembi George Bernard Shaw anamuona ku London, namlinganiza ndi Eleonora Duse wa ku Italy. Mlandu wace unali wakuti Sarah salowa m'mtima wa munthu wa m'nthano, koma angodziika yekha m'malo mwace. Ife tibvomera kuti mlanduwu uli ndi mutu. Mu 1899 anasewera Hamlet, ndiye mwamuna. Mu 1900, ali ndi zaka 55, anasewera mnyamata, mwana wa Napoleon, m'sewero la L'Aiglon. Anthu anadza kudzaona Sarah, ndipo iye anadziwa comweco. Wosimba akakula koposa nthano yace, nthanoyo icepa.

Tsono sitibvomera mlandu wonse. Masewero akale a Cifalansa analembedwa m'ndakatulo, ndipo ndakatulo ifuna pakamwa podziwa kuinyamula. Phèdre, sewero la Racine la caka ca 1677, Sarah analisewera mu 1874, nabwerera kwa ilo zaka zambiri. Pamenepo mau ace sanabise mlembi; anafikitsa Racine m'makutu a anthu amene sakadamwerenga konse.

Cotibvuta ife a lero ndi kanema. Sarah anajambulidwa m'zithunzi zoyenda, monga za Mfumukazi Elizabeth mu 1912, koma kanema wa masiku amenewo analibe mau. Woonera aona mkazi wokalamba ali kutambasula manja ndi kutuzula maso, naseka, nati, Kodi womveka uja ndi uyu? Kuweruza kotero nkosalungama. Manja amenewo anaphunzira kulankhula ndi munthu wokhala kutali pa mpando wotsiriza, ndipo anayenda pamodzi ndi mau. Kuli ngati kupenya patali munthu ali kuomba ng'oma, kulira kwace osafika. Manja okha aoneka ngati a wamisala.

Umboni woposa unadza mu ukalamba wace. Mu 1915 madotolo anamdula mwendo wa kumanja. Sanaleke nchito, anasewera cokhala pansi, ndipo mu 1916 anamnyamula pampando kumka naye kwa asilikari a ku nkhondo yaikuru. Ubwana unatha, kuyenda kunatha, koma anthu anasonkhanabe kudzamva. Cikadakhala cokopa anthu nkhope yace kapena mayendedwe ace, akadabalalika pomwepo.

Anamwalira ku Paris pa 26 March 1923, ali pakati pa kujambula kanema wina m'nyumba mwace, popeza analibe mphamvu ya kuturuka. Namuika m'manda a Père Lachaise. Mau ace pang'ono anatsala m'mbale zakale za galamafoni, osamveka bwino ndi a phokoso. Wofuna kumweruza molungama ayambe wamvera mbale zimenezo, ndipo pambuyo pace apenye zithunzi.