Mzere Umodzi mu BIOS

Mu BIOS ya maseva ambiri, makamaka ya AMI Aptio, pansi pa PCI Subsystem Settings pali mzere wolembedwa Maximum Payload, ndipo pambali pake pamakhala Auto. Ambiri amaudumpha. Mmisiri wodziwa ntchito amaima pamenepo, koma sathamangira kusintha.

PCI Express, yomwe bungwe la PCI-SIG linakhazikitsa mu 2003, imanyamula deta m'timapaketi totchedwa TLP. Kapaketi kalikonse kali ndi mutu wa mabayiti 12 kapena 16, nambala yake pamndandanda, ndi mabayiti 4 a LCRC otsimikizira kuti deta yafika yosaonongeka. Zonsezi zimadya mabayiti pafupifupi 24. Maximum Payload ndi malire a deta imene kapaketi kamodzi kanganyamule. Detayo ikakhala mabayiti 128, gawo lonyamula deta yeniyeni limangokwana 84 pa 100. Ikakhala 256 limafika 91, pa 512 limapitirira 95. Kuchoka apo mpaka 4096 phindu lake ndi lochepa. Masamu amenewa mmisiri amakhala nawo m'mutu, n'chifukwa chake nambala yaikulu simamukopa.

Chimene chimandigometsa ndi dongosolo la manja ake. Sayambira mu BIOS. Amayatsa Linux n'kulemba lspci -vv, kenako amawerenga mizere iwiri pa chipangizo chilichonse: DevCap, yonena kukula kumene chipangizocho chingakwanitse, ndi DevCtl, yonena pamene chaikidwa panopa. Akatero amatsata njira yonse, kuchokera pa khadi ya netiweki kapena disiki ya NVMe, kudutsa pa switch ngati ilipo, mpaka pa root port ya purosesa. Zili ngati kulowetsa thumba la chimanga m'nyumba ya makomo atatu: chimene chimalamula kukula kwa thumba ndi khomo lopapatiza. Khadi ikhoza kukwanitsa 512 pomwe root port imathera pa 256. Chipangizo chikalandira paketi yoposa muyezo wake chimaitcha Malformed TLP, ndipo makina akhoza kuima njii ntchito ili mkati.

Pafupi pomwepo pali mzere wina umene umasokoneza ongoyamba kumene, Maximum Read Request. Umenewu ndi kuchuluka kwa deta imene chipangizo chingapemphe nthawi imodzi, ndipo ukapanda kusinthidwa umakhala pa mabayiti 512. Ukhoza kuposa payload popanda vuto, pakuti yankho limabwera logawidwa m'timapaketi ting'onoting'ono. Pa khadi ya netiweki yothamanga kwambiri mmisiri amaukweza mpaka 4096, komabe amayamba wafunsa kuti ndani winanso akudutsa njira yomweyo, poti wopempha zambiri amadikiritsa anzake.

Amasintha chinthu chimodzi basi. Amazimitsa, kuyatsanso, kuyesa ndi fio kapena iperf3, kuyang'ana dmesg ngati mwatuluka madandaulo a AER, n'kulemba zotsatira m'kabuku. Kabuku kameneka anthu amakapeputsa, koma ndiko kamapulumutsa mnzake wobwera usiku seva itavuta.

Malo ovuta kwenikweni ndi mipata imene disiki imalowetsedwa makina akuyaka. Disiki yobwera mawa ikhoza kukwanitsa 128 yokha pomwe njira yonse inaikidwa pa 256. Apa mmisiri amalolera kutaya liwiro pang'ono: amasiya Auto, kapena amauza Linux kuti pci=pcie_bus_safe. Makhadi akamafunika kutumizirana deta okhaokha amasankha pcie_bus_peer2peer, yomwe imatsitsa zipangizo zonse pa 128.