Tansu Sanapangidwe Kuti Azingoonedwa

Kabokosi kakale ka ku Japan kotchedwa tansu nkoyenera ulemu, ndipo ulemu wake ndiwo kukagwiritsa ntchito. Amisiri a m'nyengo ya Edo, kuyambira 1603 mpaka 1868, ankakonda mtengo wa kiri chifukwa ngwopepuka ndiponso umafufuma kunja kukachita chinyontho. Madirowa amathina, mpweya wonyowa osalowa, nsalu ndi mapepala n'kukhalabe zouma. M'ngodya ankakhomamo zitsulo zosula pamanja kuti kapirire kunyamulidwa. Kena, kotchedwa kusuri-dansu, kanali ndi timadirowa tambirimbiri tosungiramo mankhwala azitsamba, kadirowa kalikonse mtundu wakewake. Nzeru yotereyi ikufunikabe m'nyumba za masiku ano, momwe makiyi, ulusi, makalata ndi zingwe za foni zimangoti mbwee patebulo.

Ena amati chinthu chakale chotere nchofunika kuchisunga osachikhudza, poti kutsegulatsegula kumaperepesa thabwa. Nkhawayo njomveka, koma chimene chimang'alula matabwa amenewa ndi dzuwa lowomba mwachindunji komanso mpweya wouma wa zotenthetsera m'nyumba, osati dzanja la mwini. Kiri akathimbirira amatheka kupalidwa n'kuwalanso, ndipo ku Japan amisiri a ntchito imeneyi alipobe. Inu amene muli nako, kaikeni pamthunzi, ndipo muzikatsegula tsiku ndi tsiku.