Wansembe pa Bedi la Wodwala: Kodi Maphunziro Athu Akumkonzekeretsa?

Mu 1969, ku Kampala, Papa Paulo VI adalimbikitsa Aafrika kuti Chikhristu chawo chikhale chachiafrika. Lero ansembe ambiri oyendera odwala ndi akaidi ku Lilongwe ndi ana a dziko lino. Komabe kubadwira pakati pa anthu sindiko kudziŵa kuŵatumikira.

Njira yophunzitsira atumiki a m'zipatala yotchedwa Clinical Pastoral Education adaiyamba ndi Anton Boisen ku America mu 1925. Ubwino wake sitingaukane: imaphunzitsa kumvetsera. Koma idaumbidwa poganizira wodwala amene amalankhula yekha ndi kudzisankhira yekha. Pa Kamuzu Central kapena pa Bwaila wodwala sali yekha. Pali mbale womsamala, palinso atsibweni amene mau awo akudikiridwa. Dokotala amayankha funso lakuti "Ndadwala chiyani?" koma mumtima mwa wodwala muli lina: "Chifukwa ninji ine, nanga wachita ndani?" Wansembe amene angoti ufiti kulibe, namdzoza mafuta n'kuchoka, wasiya mantha ali pomwepo. Abale angathe kumtulutsa wodwalayo kupita naye kwa sing'anga, ndipo nkhalamba yosalakwa kumudzi idzalozedwa chala.

Zotithandiza zilipo. Buku la Bambo van Breugel, Chewa Traditional Religion (2001), lidafotokoza za mdulo, mizimu ndi ufiti, ndipo ku Mua kuli Kungoni, malo amene Bambo Claude Boucher adayambitsa mu 1976. Cholakwika nchakuti kaŵirikaŵiri timaphunzira zimenezi ngati zakale zolembera mayeso, pamene zili zamoyo m'mawodi. Ndiponso Lilongwe si mudzi wa Acheŵa okha. Myao wachisilamu wa ku Old Town ndi Mtumbuka wogwira ntchito ku Capital Hill, wokhala kumpanda ku Area 10, salira maliro mofanana.

Tsono chikhalidwe chiphunziridwe pa bedi pomwepo. Aseminale a ku Kachebere ndi ku St. Peter's atumizidwe m'mawodi ndi ku ndende ya Maula, pamodzi ndi amai ndi abambo a m'miphakati imene Sinodi ya Ambuye Kalilombe (1973–1975) idakhazikitsa. Iwoŵa ndiwo amadziŵa kuzonda matenda. Wansembe ayambe wamva mantha a munthu mpaka kumapeto. Pokhapo adzatha kuŵayankha ndi Mthenga Wabwino.