Kulira ndi Kutsazika: Kupenda Buku la Monica Wilson pa za Maliro a Anyakyusa ndi Angonde

Mwa mabuku amene alendo analemba pofotokoza miyambo ya anthu a kumpoto kwa Nyanja ya Malawi, ndi owerengeka okha amene angafanane ndi la Mayi Monica Wilson lotchedwa Rituals of Kinship among the Nyakyusa, limene linasindikizidwa mu 1957. Bukuli likamba za miyambo ya pa imfa, ya pa kutha msinkhu, ya pa ukwati ndi ya pa kubadwa kwa mwana. Koma ife muno tipenda za maliro zokha, popeza ndizo zimene mphunzitsi wa zinenero zathu angapindule nazo koposa. Funso limene tifuna kuyankha ndi ili: kodi buku lotere limuthandiza bwanji munthu wa ku Karonga amene afuna kukumbukira mbale wake womwalira, ndipo ndi pati pamene thandizo lake lilekezera?

Olemba ndi anthu amene anawalemba

Ngakhale pachikuto pali dzina limodzi, ntchitoyi inagwiridwa ndi anthu awiri. Godfrey Wilson, amene anaphunzira za chikhalidwe cha anthu kwa Malinowski ku London, anafika kwa Anyakyusa mu 1934. Atakwatirana ndi Monica Hunter mu 1935, awiriwo anapitiriza kufufuza pamodzi mpaka 1938. Nthawi yambiri anakhala m'boma la Rungwe, m'dziko limene masiku amenewo linkatchedwa Tanganyika. Koma Godfrey anaolokanso mtsinje wa Songwe nalowa m'dziko la Angonde, amene ambiri a ife timati Ankhonde, ndipo mu 1939 anatulutsa kabuku kotchedwa The Constitution of Ngonde, kofotokoza ufumu wa Kyungu.

Owerenga akumbukire kuti Songwe anasanduka malire a maiko chifukwa cha pangano la Angelezi ndi Ajeremani la mu 1890, pamene anthu a tsidya lino ndi a tsidya lija anali kale abale pa chinenero ndi pa miyambo. Onsewo ndi olima nthochi ndi oweta ng'ombe, alowola ndi ng'ombe, ndipo mwana atsata mtundu wa atate wake. Chifukwa chake zimene bukuli linena za maliro a ku Rungwe sizili zachilendo kwa mwana wa ku Karonga.

Zimene bukuli lionetsa

Munthu akatsirizika, akazi ayamba kubuma, ndipo amithenga atumidwa kwa abale onse, pakuti kusauzidwa kapena kusafika pa maliro ndi mlandu waukulu pachibale. Manda akumbidwa pakhomo pomwepo, pafupi ndi nyumba, osati kumsitu monga achitira Achewa. Ng'ombe ziphedwa, ndipo kuchuluka kwake kusonyeza ulemu wa malemuyo ndi chuma cha banja lake. Pa maliro a mwamuna, amuna avina gule wa nkhondo atagwira mikondo, nalumpha ndi kuponda pansi mwaukali, kotero kuti kale ndewu zenizeni zinkabuka pabwalo la maliro. Masiku akamapita, kubuma kucheperachepera pamene kuvina kukulirakulira, mpaka bwalo limene linadzaza ndi misozi lidzaza ndi anyamata ndi atsikana oonetsa mphamvu ndi kukongola kwawo.

Mlendo wofulumira kuweruza akanati anthu awa alibe chisoni. Nzeru ya a Wilson inali yakuti anafunsa eni mwambo, ndipo anaphunzira kuti guleyo ndiye kulira kwa amuna. Chisoni ndi mantha zikadzaza mumtima wa mwamuna zisanduka mkwiyo, ndipo mkwiyowo ufuna potulukira. Komanso povina amuna akumbukira nyonga imene malemuyo anali nayo ali moyo. Tsono gule yemweyo achita ziwiri: alemekeza wakufa, nabwezera amoyo ku moyo.

Alendo atabalalika, anamfedwa enieni ayamba mwambo wina wotenga nthawi, umene ndiwo mtima wa nkhani yonse. Poyamba iwo ayesedwa amodzi ndi mtembo, nakhala m'litsiro, kufikira zinyalala zisesedwera pa iwo. Pambuyo pake asambitsidwa, ametedwa, nadya mankhwala. Akulu ankanena kuti wonyozera mwambowu agwidwa misala, chifukwa wakufayo amukangamira. Cholinga chake n'chakuti mzimu uchoke m'matupi ndi m'maloto a otsala, ukakhale pa malo ake pakati pa makolo, kumene ana ake angaupembedze m'munda wa nthochi pa nthawi yoyenera. Pomaliza wolowa m'malo alandira chuma, udindo ndi akazi amasiye. Nkhani ya zinyalalayi inatchuka kutali, moti Mary Douglas anaigwiritsa ntchito m'buku lake la mu 1966 lotchedwa Purity and Danger.

Apa ndi pamene pagona phunziro lalikulu la bukuli. Kwa anthu awa kukumbukira womwalira kuli ndi manja awiri, lina logwira ndi lina lomasula. Woiwala msanga wachimwira malemu. Koma wokana kutsazika wadzichimwira yekha ndi ana ake. Mwambo umutenga namfedwa pa dzanja, numufikitsa m'mphepete mwa manda, kenaka numubweza kunyumba. Achewa adziwa zomwezi pa kumeta maliro ndi pa mowa wokumbukira malemu pakapita miyezi, ngakhale njira zake zisiyana. Paja akulu anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa: zimene eni mudzi achita osazifotokoza, mlendo wofunsa bwino aziika poyera.

Ubwino wina wa bukuli ndi wakuti olemba sanadziike okha kukhala omasulira zizindikiro. Pa chinthu chilichonse, kaya nthochi, kaya mankhwala, kaya kusamba, anafunsa eni ake tanthauzo lake, nalemba mayankho awo motalika, ngakhale pamene mayankhowo asiyana. Pa ntchito imeneyi anadalira kwambiri omasulira a komweko, ndipo mmodzi wa iwo anali Leonard Mwaisumo, amene gawo lake linafotokozedwa mokwanira mu 2013 m'buku lotchedwa Inside African Anthropology.

Pamene bukuli lilekezera

Koma kalumo, ngakhale kathwe chotani, kameta pokhapo pamene kafika. Pali zinthu zitatu zimene wowerenga wa ku Karonga ayenera kuchenjera nazo.

Choyamba ndi cha malo. Angonde anali ndi ufumu umodzi pansi pa Kyungu, wokhala ndi chiyambi chake pa phiri la Mbande, pamene Anyakyusa anali ogawikana pansi pa mafumu ambiri. Ndiponso boma la Karonga si la Angonde okha, pakuti kumwera kwake kuli anthu ambiri olankhula Chitumbuka. Wophunzira amene atenga tsamba la za ku Rungwe nanena kuti umo ndimo alirira anthu onse a ku Karonga, walakwira bukulo ndi anthu omwe.

Chachiwiri ndi cha nthawi. Zimene zili m'bukumo zinaonedwa pakati pa 1934 ndi 1938, ndipo ngakhale pamenepo zinali zitayamba kusintha, popeza a Moravian anali atakhazikika ku Rungwe kuyambira 1891, ndipo a Mishoni ya Livingstonia anali atagwira kale ntchito kwa Angonde. Lero nyimbo za mpingo, ulaliki, bokosi logula ndi chiliza cha simenti zatenga malo aakulu pa maliro. Bukuli tiliwerenge ngati chithunzi cha agogo athu, chimene chitithandiza kuzindikira nkhope zathu koma sichili kalilole.

Chachitatu ndicho chachikulu kwa ife aphunzitsi a zinenero. Wofufuza miyambo afunafuna lamulo lopezeka pa maliro onse, pamene wolira alira munthu mmodzi. Mayi wobuma satchula za imfa ya anthu onse ai. Aitana mwana wake ndi dzina, namufunsa chifukwa chimene wamusiyira, natchula munda umene watsala wosalima ndi ana amene atsala opanda wowaveka. Mawu otere ali ndi kayendedwe kake, kubwereza kwake, ndi pokwera ndi potsika pake. Ndiwo ndakatulo yoyamba ya mtundu uliwonse. Mawuwo akatembenuzidwira m'Chingelezi ndi kuikidwa pansi pa mitu ya nkhani, tanthauzo lipulumuka koma liwu litsala panjira. Sitinena izi modzudzula a Wilson, pakuti iwo analonjeza buku la miyambo ndipo ndilo anapereka. Tingoti m'bukumo mupeza m'mene maliro ayendera. Koma kuti malemu uja anali yani, ndipo anasiya mpata wotani pakhomo, zimenezo muzifune kwina.

Buku lokhala ngati chiliza

Komabe muli munthu mmodzi amene bukuli limukumbukira ndithu, ndiye Godfrey Wilson mwini. Iye anakhala mkulu woyamba wa Rhodes-Livingstone Institute ku Northern Rhodesia mu 1938, ndipo anamwalira mu 1944, nkhondo yachiwiri ili m'kati, asanafike zaka 40. Anasiya mkazi, ana awiri aang'ono, ndi makope ambiri a zimene anamva ndi kuona. Nkhani yake ya kaikidwe ka maliro kwa Anyakyusa anali ataitulutsa kale mu 1939 m'magazini ya Bantu Studies. Koma zambiri zinatsala m'makopemo. Mkazi wake anazisanja pamodzi ndi zake, natulutsa Good Company mu 1951, buku tikupendali mu 1957, ndi Communal Rituals of the Nyakyusa mu 1959.

Wowerenga akadziwa zimenezi, mitu ya maliro imveka mwina. Amene alemba za mkazi wamasiye ndi mkazi wamasiye. Amene afotokoza m'mene wolowa m'malo anyamulira ntchito ya malemu ndiye akunyamula ntchito ya malemu. Mayiyu sanadzaze masamba ndi madandaulo ake, ndipo kalembedwe kake n'kodekha kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Koma zaka 13 zimene zinapita kuchokera pa imfa ya mwamuna wake kufikira pa kutuluka kwa bukuli zifanana ndi ulendo uja wa namfedwa: kukhala pafupi ndi wakufa, kugwira zinthu zake tsiku ndi tsiku, ndipo potsiriza kumuika pa malo ake kumene ena angamupeze. Mwa ichi wolembayo anachita chomwe anthu ake anamuphunzitsa, ndipo tiyesa kuti n'chifukwa chake bukuli likhalabe lamoyo ngakhale mwini wake anamwalira mu 1982.

Ntchito imene yatsalira ife

Mbiri ya Karonga yomwe itichenjeza kuti chosalembedwa chizimirira. Pa 9 September 1914 asilikali a Ajeremani anathira nkhondo Karonga, ndipo ambiri mwa ophedwa mbali zonse ziwiri anali anthu akuda. Miyala ya pa manda a nkhondo ku Karonga isunga maina a Azungu. John Chilembwe, atamva za nkhondoyo, analembera nyuzipepala ya Nyasaland Times kalata yodandaulira akazi amasiye ndi ana amasiye, koma boma linaitsekereza. Mu 2021 bungwe losamala manda a nkhondo la Commonwealth linavomera kuti anthu akuda ochuluka amene anafa pa nkhondo yoyamba sanakumbukiridwe mofanana ndi Azungu. Anthu amenewo analiridwa m'midzi mwawo, koma olirawo atapita, kulirako kunapita nawo.

Masiku ano pa maliro ambiri pawerengedwa mbiri ya malemu yolembedwa papepala. Mwambowu ngwabwino, koma kawirikawiri mbiriyo ingotchula tsiku lobadwa, sukulu, ntchito, mpingo ndi chiwerengero cha ana, kotero kuti mutasintha dzina ikhoza kuwerengedwanso pa maliro a munthu wina mawa lake. Pamenepa pepala lagonja kwa mayi wobuma, amene sadziwa kulemba koma sangasokoneze mwana wake ndi wa mnzake.

Tsono pempho lathu kwa ophunzira uphunzitsi, makamaka ochokera ku Karonga, ndi ili. Werengani mitu ya maliro ya m'bukuli, ndipo pa tchuthi mukafunse akulu a kwanu chimene chikadalipo, chimene chinasintha ndi chimene sichinachitikepo kwanuko. Mukapeze amayi odziwa kulira, osati pa tsiku la maliro ai, koma misozi itauma ndiponso iwo atalola, ndipo mukalembe mawu awo m'Kyangonde kapena m'Chitumbuka monga atulukira m'kamwa, musanawatembenuzire m'chinenero china. Chichewa chinasankhidwa kukhala chinenero cha dziko mu 1968, ndipo ife ochiphunzitsa tili ndi ngongole kwa zinenero zinzake zimene zinachotsedwa m'kalasi; paja maliro n'kulirana. Pomaliza, pophunzitsa ana kulemba chimangirizo cha munthu amene anawasiya, muwaletse mawu ongoyamika wamba. Mwana anene chinthu chimodzi chimene agogo ake ankachita ndi manja awo, ndi mawu amodzi amene ankakonda kunena. A Wilson anatisungira mwambo; maina ndi mawu a akufa athu tiyenera kusunga ndife.