"Kawiri" Si Sikweya

Mphunzitsi wa masamu akaona kuti Chingerezi chikuwakanika ana, amatembenukira ku Chichewa. Pamenepo palibe mlandu. Mlandu uli pa mawu amene amasankha. Pofotokoza x², mumamva ena akuti, "Imeneyi ndi x kuchulukitsa kawiri." Mawu amenewa ndi osocheretsa.

M'Chichewa "kawiri" amawerenga maulendo: ndapitako kawiri, wadya kawiri. Mwana akamva "3 kawiri" amaona 3 ndi 3 wina, n'kupeza 6. Sanalakwitse ayi, Chichewacho wachimva bwinobwino. Koma 3² ndi 9. Choipa n'chakuti chitsanzo chikakhala 2, njira zonse ziwiri zimapereka 4, ndiye cholakwacho chimabisala mpaka tsiku la mayeso.

Taonani samu iyi: x² + 10x = 39. Limodzi mwa mayankho ake ndi 3, chifukwa 9 kuphatikiza 30 ndi 39. Mwana wa "kawiri" uja akayesa 3 apeza 36, ndipo ataya yankho lolondola ali nalo m'manja.

Ena amati apa ndiye umboni woti Chichewa sichingasenze aljebra. Aiwala kumene samuyi inachokera. Ili m'buku la al-Khwarizmi, lolembedwa ku Baghdad cha m'ma 820, momwe munalibe x kapena chizindikiro chilichonse, koma mawu okhaokha a Chiarabu. Nambala yosadziwika ankaitcha "muzu", sikweya yake n'kuitcha "chuma". Njira yake imayenda bwino ndithu m'Chichewa. Tenga theka la 10, ndiye 5. Chulukitsa 5 ndi 5 yemweyo, upeza 25. Phatikiza ndi 39, ikwana 64. Funa nambala imene ikadzichulukitsa yokha imapereka 64, ndiye 8. Chotsapo 5 uja, kwatsala 3.

Mwaona mawu amene agwira ntchito? "Kudzichulukitsa yokha." Kachigawo ka -dzi- kamabweza ntchito kwa mwini wake, monga mu "kudzicheka" kapena "kudziona", ndipo x² imatanthauza zomwezo basi. Mawuwa amafikanso pa yankho lachiwiri limene al-Khwarizmi sankaliwerengera: -8 ikadzichulukitsa yokha imaperekanso 64, ndipo kuchotsapo 5 kumatipatsa -13.

Tsono chida chilipo kale m'galamala yathu. Mukadzakhala kutsogolo kwa kalasi, kapena pothandiza mng'ono wanu homuweki, "kawiri" musungireni 2x.