Njala ya ku Mananga m'kalasi ya ku Angónia

Buku la Paulina Chiziane, Ventos do Apocalipse, lomwe linasindikizidwa ku Lisbon mu 1999, likusimba za mudzi wa Mananga, kumwera kwa Mozambique, pa nthawi ya nkhondo yapachiweniweni. Mvula yakana, nkhokwe zangoti mbee.

Mphamvu ya bukuli yagona pa Sianga, mfumu yochotsedwa pampando, amene akutsogolera mwambo wopempha mvula wa mbelele pofuna kudyera anthu masuku pamutu ndi kubwerera paufumu. Apa Chiziane akuonetsa kuti chilala chimachokera kumwamba, koma njala amaikuza ndi anthu. Minosse, mkazi wa Sianga, ataferedwa ana ake, akulera ana amasiye kothawira.

Pofooka pake, maliro achuluka mpaka wowerenga amachita dzanzi, ndipo Chipwitikizi chake n'cholemera kwa ana a pulayimale. Komabe agogo a ku Ulónguè ndi ku Dómuè sanaiwale chilala cha 1992 ndi zothawira ku Dedza ndi ku Ntcheu. Mphunzitsi angasimbe za Sianga m'Chinyanja, ana akafunse kwawo amene ankagawa chimanga ndi amene ankamanidwa, kenako alembe mayankhowo m'zinenero zonse ziwiri.